Kodi ndingakane khadi ngati kasitomala akugula za ndalama zosakwana R50?

Funso: Ndine mayi wa ku Malawi, ndili ndi kagolosale kummwera kwa Johannesburg. Ndimagulitsa buledi, mkaka, mazira, mayunitsi ndi magetsi, komanso zakwathu monga usipa, mpunga wa Kilombero ndi Sobo. Chaka chatha ndinagula makina a khadi, ndipo ndinapachika chikwangwani choti khadi timalandira kuyambira pa R50, chifukwa ndimaona ngati pa tizinthu ting'onoting'ono phindu lonse limathera kwa eni makina. Tsopano kasitomala wina wandikalipira kuti ndikuphwanya lamulo ndipo akandineneza. Achimwene anga amene ali ku UK akuti kumeneko zikwangwani zotere zili ponseponse. Akunena zoona ndani? Nanga ndikachotsa chikwangwanicho, mpamba wanga sudzathera pomwepo?

Yankho: Mayi, chikwangwanicho chotsani. Ndikutero pa zifukwa ziwiri, ndipo chachiwiricho ndi chachikulu kuposa choyamba. Choyamba, chikusemphana ndi pangano lomwe munavomera polandira makina. Chachiwiri, mukawerengera bwinobwino mupeza kuti sichikukutetezerani ndalama iliyonse, chikungokuthamangitsirani anthu.

Tiyambe ndi kasitomala uja. Akuti mukuphwanya lamulo, ndipo akulondola pang'ono chabe. Apolisi sangabwere kudzakumangani chifukwa cha chikwangwani cha R50. Lamulo lomwe mukuliphwanya ndi la eni makhadi, Visa ndi Mastercard. Makampani awiriwa amafuna kuti wamalonda aliyense wolandira makhadi awo asaike malire a ndalama zochepetsetsa zomwe munthu angalipire ndi khadi, kupatula m'maiko ochepa momwe lamulo la boma linawakakamiza kulolera. South Africa sali m'gulu limenelo. Inu simunasainirane chilichonse ndi Visa kapena Mastercard, zoona, koma banki kapena kampani yomwe inakupatsani makina inasainirana nawo, ndipo iyo inaika mfundo yomweyo m'pangano lanu, lija munangodina "ndavomera" pa foni osaliwerenga. Litsekuleni lero, mufufuze ndime yokamba za zomwe wamalonda saloledwa kuchita. Pamakhala zinthu ziwiri zoyandikana: kuika malire a ndalama, ndi kuonjezera mtengo kwa wolipira ndi khadi. Kasitomala akakadandaula, kampani ya makina ikhoza kukuchenjezani, ndipo mukapitiriza ili ndi mphamvu yotseka akaunti yanu. Nthawi zambiri madandaulo otere safika patali, n'chifukwa chake zikwangwanizi zili mbwee m'ma spaza (timagolosale ta m'makomboni) ndi m'masaluni. Koma kuti anzanu sanagwidwe sizikutanthauza kuti pangano lasintha.

Musachotse chikwangwani cha R50 n'kuikapo china choti wolipira ndi khadi aonjezere R2 kapena R5. Chimenecho ndiye choipa kwambiri, chifukwa pamenepo mwalowa m'lamulo lenileni la boma. Consumer Protection Act ya 2008, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011, pa gawo 23 imaletsa wamalonda kulipiritsa munthu ndalama zoposa mtengo womwe waonetsedwa pa katundu. Buledi akalembedwa R20, ndi R20 basi, kaya munthu watulutsa pepala kaya khadi. Madandaulo a mtundu umenewu amatha kukafika ku mabungwe omva madandaulo a ogula, monga National Consumer Commission kapena Consumer Goods and Services Ombud. Ndikudziwa komwe chizolowezichi chimachokera kwa ife: kwathu ukamalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, wogulitsa amakuuza kuti "muonjezere yotapira", ndipo ambiri saona chachilendo. Kunoko musabwere nacho.

Achimwene anunso sakunama, kungoti akukamba za dziko lina. Ku UK boma linaletsa kuonjezera ndalama kwa olipira ndi makhadi wamba kuyambira pa 13 January 2018, koma lamulo limenelo silinakhudze za malire, choncho timashopu tambiri tinasiya kuonjezera n'kusunga zikwangwani za "kuyambira £5". Ku America n'kosiyananso: lamulo la Dodd-Frank la 2010 linalola amalonda kuika malire osapitirira $10, koma pa makhadi a ngongole okha, osati a debit omwe amatenga ndalama mu akaunti ya mwini wake. Zomwe mumawerenga pa Facebook zoti "n'zololedwa" kawirikawiri zimachokera kumeneko. Inu golosale yanu ili ku Joni, ndipo chomwe chimakumangani ndi pangano la makina anu.

Tsopano tibwere pa ndalama, pomwe pagona mantha anu.

Munthu akagunditsa khadi pa makina anu, ndalama yomwe amakudulani imagawidwa patatu. Gawo lina limapita ku banki yomwe inapereka khadi kwa kasitomala, ndipo mulingo wa gawo limeneli kunoko umaikidwa ndi banki yaikulu ya dziko, South African Reserve Bank. La makhadi a debit ndi lotsika kuposa la makhadi a ngongole. Gawo lina laling'ono limapita kwa Visa kapena Mastercard. Lotsala ndi la kampani ya makina. Inu zonsezi mumangoziona ngati chodula chimodzi. Funso lofunika ndi lakuti chodulacho chimawerengedwa bwanji, ndipo pali njira zitatu zomwe zimapezeka.

Njira yofala pa timakina tomwe anthu amagula kamodzi n'kukhala tawo, monga ta Yoco kapena iKhokha, ndi ya peresenti: amadula gawo la ndalama iliyonse yodutsa, kawirikawiri pakati pa 2 ndi 3 peresenti, kenako msonkho wa VAT wa 15 peresenti umakwera pamwamba pa chodulacho. Poti mwanena kuti makina anu munachita kugula, ndikukhulupirira kuti muli pa njira imeneyi. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi VAT zikukwana 3 peresenti, kuti masamu asavute. Inu mudzaikapo nambala yanu yeniyeni. Munthu wogula buledi wa R20 ndi khadi, akudulani masenti 60. Anthu khumi otere akupatsani R200, ndipo chodula chonse ndi R6. Munthu mmodzi wogula za R200 nthawi imodzi, chodula chake ndi R6 yomweyo. Palibe kusiyana ngakhale senti imodzi. Peresenti siyang'ana kukula kwa zomwe munthu wagula. Ngati khadi silikupwetekani pa R200, silikupwetekaninso pa R20. Ngati likupwetekani pa R20, ndiye kuti likupwetekani kakhumi pa R200 yomwe mumailandira ndi manja awiri.

Onaninso buledi yemweyo. Tinene kuti mumapeza R2.50 pa buledi mmodzi. Ndi khadi mutsala ndi R1.90. Mukakana, n'kukhala kuti munthuyo alibe ndalama m'thumba, mutsala ndi buledi pa shelefu, yemwe mawa akhala wogona. Chikwangwani chanu chikuteteza masenti 60 potaya R1.90.

Njira yachiwiri ndi yomwe inabereka zikwangwanizi poyamba: chodula chokhala ndi ndalama yokhazikika pa kulipira kulikonse, kuphatikiza peresenti. Apa tizinthu ting'onoting'ono timapwetekadi. Tiyerekeze kuti amadula R1 nthawi iliyonse kuphatikiza 2 peresenti. Pa R200 adula R5, yomwe ndi 2.5 peresenti. Pa R10 adula R1.20, yomwe ndi 12 peresenti yathunthu. Koma ngakhale apa, malire enieni pomwe mumayamba kuluza ali pansi kwambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Kuwapeza n'kosavuta: tengani peresenti ya phindu lanu, chotsanipo peresenti ya makina, kenako gawani ndalama yokhazikika ija ndi zomwe zatsala. Ngati phindu lanu ndi 12 peresenti, kuchotsapo 2 kutsala 10, ndipo R1 kugawa ndi 10 peresenti ndi R10. Ndiye kuti wogula za R10 sakupatsani phindu komanso sakuluzitsani, ndipo aliyense wogula zoposa pamenepo akukusiyirani kenakake. R50 yanu ili kutali kasanu. Nambala zimenezi anthu sachita kuziwerengera, amangokopera kwa aneba. Ngati pangano lanu ndi la mtundu uwu ndipo malonda anu ambiri ndi a R10 ndi R15, vuto lili pa makina omwe munasankha, ndipo mankhwala ake ndi kusintha kampani.

Yachitatu ndi ya makina a lendi, omwe mabanki ambiri amapereka: mumalipira mwezi ndi mwezi kaya mwagwiritsa ntchito kaya ayi, ndipo mapangano ena amafuna kuti chodula cha pamwezi chisachepere mulingo wakutiwakuti, chikachepa mumakwaniritsa ndinu. Wokhala ndi makina otere n'kumakananso makhadi ndiye akudzilanga yekha, chifukwa lendi ikuyenda pomwe makina ali duu. Ndipo pa njira zonsezi, makampani ambiri amatsitsa peresenti ndalama zodutsa pamwezi zikamakula. Ma R18 ndi ma R25 omwe mukuwabweza aja ndi omwe akadakukwezani kufika pa mulingo wotsika mtengo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musadalire nambala yomwe anakuuzani pogula makina. Tengani sitetimenti ya miyezi itatu yapitayi, phatikizani zonse zomwe anadula, ndi VAT yomwe, ndi lendi ngati ilipo, mugawe ndi ndalama zonse zomwe zinadutsa pa makina. Imeneyo ndiyo peresenti yanu yeniyeni. Ngati simunalembetse VAT, monga zilili ndi magolosale ang'onoang'ono ambiri, VAT ya pa chodula boma silingakubwezereni, choncho iwerengereni ngati ndalama yotuluka.

Pali mfundo imodzi yomwe eni zikwangwani amainena, ndipo sindiikana: anthu ena akauzidwa za R50 amaonjezera machesi, sopo kapena maswiti kuti akwanitse. Zimachitikadi, ndipo tsiku limenelo mumaona ngati chikwangwani chagwira ntchito. Koma amene mumawaona ndi okhawo omwe alowa. Mnyamata yemwe anabwezedwa kamodzi ndi mkaka m'manja, anthu akumuyang'ana, sabweranso kudzakuuzani kuti wasiya. Amangodutsa pakhomo panu kupita ku masitolo akuluakulu monga Usave kapena Boxer, komwe khadi amalandira ngakhale pa R9. Kumbukirani kuti makasitomala anu ambiri amalandira malipiro kudzera ku banki, ena ndi agogo olandira thandizo la boma la SASSA pa khadi, ndipo kutapa ndalama pa ATM nawonso kumawadula. Munthu yemwe watsala ndi R35 mu akaunti pakati pa mwezi kawirikawiri sangakatape. Njira yake yokhayo yogulira buledi ndi khadi lomwelo. Mukamukana pa nthawi yovutayi, musayembekezere kumuona pakutha pa mwezi atalandira. Ngati mukufuna kuti anthu azigula zambiri nthawi imodzi, mangani mtengo umodzi wokopa wa buledi, mazira ndi mkaka pamodzi, muulembe pakhomo. Munthu amaonjezera mokondwa akaona kuti akupindula.

Komanso ndalama ya m'manja si yaulere monga timaganizira. Mukakaisiya ku banki amadulanso. Pali ulendo wopita kumeneko golosale itatsekedwa kapena itasiyidwa ndi mwana. Pali kusowa chenji m'mawa, pali mapepala achinyengo, pali ma R5 omwe amasowa m'kabati mukasiya wantchito. Ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zimachitikira wamalonda wochokera kunja yemwe anthu a m'dera akudziwa kuti amagona ndi ndalama m'nyumba. Zimenezi sizibwera pa sitetimenti, n'chifukwa chake 3 peresenti ya khadi imaoneka yaikulu: ndi yokhayo yomwe imalembedwa.

Koma pali malo amodzi pomwe mantha anu ndi oona, ndipo mwawatchula nokha: mayunitsi ndi magetsi. Mtengo wa zinthu zimenezi suikidwa ndi inu. Mayunitsi a R30 ndi R30, ndipo komishoni yomwe mumapeza ndi yochepa kwambiri. Ya magetsi ndiye imakhala yochepetsetsa, nthawi zina kuchepa kuposa chodula cha khadi. Apa mukhoza kuluzadi. Koma taonani mmene chikwangwani chanu chikugwirira ntchito chagada. Tinene kuti pa magetsi mumapeza 1 peresenti ndipo makina amadula 3. Wogula magetsi a R30 ndi khadi akadakuluzitsani masenti 60, ndipo iyeyu mukumukana. Wogula magetsi a R500 akukuluzitsani R10, ndipo iyeyu mukumulandira chifukwa wapitirira R50. Ndiye kuti chikwangwani chikubweza wa buledi yemwe amakupatsani phindu, n'kutsekulira chitseko wa magetsi ambiri yemwe akukudyerani mpamba. Vuto lanu silili pa kuchepa kwa ndalama zomwe munthu wagula, lili pa mtundu wa katundu.

Pa zimenezi chitani zinthu ziwiri. Lembani komishoni yeniyeni ya chinthu chilichonse chomwe mumagulitsa pa makina a mayunitsi, muifanizire ndi peresenti yanu ya khadi, kuti mudziwe zomwe zikuluzitsa ndi zomwe zikungochepetsa phindu. Kenako funsani kampani yomwe imakupatsani mayunitsi ndi magetsi ngati ili ndi makina akeake olandirira khadi. Ena, monga Kazang, ali nawo, ndipo ndalama ya khadi imagwera m'chikwama chomwecho chomwe mumagulitsira mayunitsi, choncho simudikira kuti ifike ku banki kenako n'kukaikanso. Afunseni mwachindunji kuti amadula zingati munthu akagula magetsi ndi khadi pa makina awo. Mukapeza kuti magetsi akukuluzitsanibe, sankhani ndi maso otsekula: kaya muwasunge ngati nyambo poti wobwera kudzagula magetsi amatulukanso ndi shuga, kaya muwasiye. Ine ndikadayamba ndaona kwa mwezi umodzi kuti ogula magetsi amagulanso chiyani, ndisanaganize zowasiya.

Pa katundu wina yense, chodula cha khadi chiikeni m'mitengo, monga mumaikiramo lendi ya nyumba ndi thiransipoti yokaoda. Sichikhala chachikulu. Ngati mwa ndalama zonse zomwe mumagulitsa, 60 peresenti imadzera pa khadi, ndipo makina amadula 3 peresenti, ndiye kuti khadi likukudyerani R1.80 pa R100 iliyonse. Simufunika kukweza mitengo ya zinthu zonse m'golosale kuti muipeze R1.80 imeneyo. Buledi, mkaka ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zisiyeni, chifukwa mitengo yake aliyense amaidziwa pamtima ndipo akaona R1 yoonjezera amapita kwa aneba. Mwayi wanu uli pa zakwathu zija. Usipa ndi mpunga wa Kilombero sizipezeka ku Usave, ndipo wozifuna sangakusiyeni chifukwa cha R2 pa paketi. Mtengo ukhale umodzi kwa aliyense, wolembedwa poonekera.

Ndikuganizanso kuti china chomwe chimakupwetekani si chodula ayi, koma kudikira. Ndalama ya khadi sifika nthawi yomweyo. Imatenga tsiku limodzi kapena awiri a ntchito, ndipo zomwe mwagulitsa Loweruka mukhoza kuziona Lolemba kapena Lachiwiri, pomwe galimoto ya buledi imafuna zake m'mawa uliwonse. Ili ndi vuto lenileni kwa munthu wa mpamba wochepa, koma R50 silithetsa, chifukwa ndalama zazikulu ndi zomwe zikudikirazo. Chomwe chimathandiza ndi kusunga padera ndalama zokwanira kuoda kwa masiku awiri, kufunsa omwe mumaodako ngati amalandira khadi kapena kutumizirana pa foni, ndiponso kudziwa ngati kampani yanu ili ndi njira yotulutsira ndalama msanga. Njira imeneyi imakhala ndi chodula chakechake, choncho ikhale ya tsiku lovuta, osati ya tsiku ndi tsiku. PayShap, njira yotumizirana ndalama yomwe mabanki a kuno anayambitsa mu March 2023, imafikitsa ndalama nthawi yomweyo pogwiritsa ntchito nambala ya foni. Ndi yothandiza kwa makasitomala omwe aizolowera, koma musapereke katundu poona chithunzi cha pa foni ya wogula, dikirani uthenga wa banki yanu.

Malonda ang'onoang'ono a khadi ali ndi ubwino wina womwe suoneka msanga. Aliyense amasiya umboni wa zomwe golosale yanu imagulitsa. Makampani monga Yoco ndi iKhokha amabwereketsa mpamba kwa amalonda awo poyang'ana ndalama zodutsa pa makina, ndipo kwa munthu wochokera kunja yemwe banki singamupatse ngongole mosavuta, mbiri imeneyi ndi ya mtengo wapatali. Sindikuti thamangirani ngongole. Imeneyo ndi nkhani ina ndipo ili ndi minga yake.

Poti mutsekula panganolo, yang'ananinso ndime ina yomwe imagwetsa abale athu ambiri kuposa ya R50. Makina ndi a malonda anu okha. Mnzanu wa saluni kapena wogulitsa kaunjika akabwera ndi kasitomala wake kuti "tangoswaipani apa, mundipatse ya m'manja", dziwani kuti n'zoletsedwa, ndipo khadilo likadzapezeka kuti linali lobedwa, ndalama adzazitenga mu akaunti yanu, osati ya mnzanuyo. Chimodzimodzi kupatsa munthu ndalama ya m'manja posinthana ndi khadi n'kudulapo yanu, pokhapokha ngati kampani inakutsegulirani ntchito imeneyo pa makina. Ndipo ngati makinawo analembetsedwa m'dzina la munthu wina chifukwa cha mapepala, ndalama zonse zodutsapo pamaso pa kampani ndi za munthuyo. Limeneli ndi vuto loyenera kulikonza msanga kuposa chikwangwani.

Kasitomala uja akabweranso, musakangane naye za malamulo a ku UK. Muuzeni kuti mwafufuza, chikwangwani mwachotsa, ndipo mumulole kugula buledi wake ndi khadi. Kenako kwa miyezi iwiri lembani m'kope malonda onse a khadi osakwana R50, padera ndi mayunitsi ndi magetsi, muone phindu lomwe latsala mutachotsa chodula. Ngati nambalayo itatuluka yoluza, tengani sitetimenti yanu mupite nayo kwa makampani ena awiri, muwafunse kuti pa malonda ngati amenewa iwo angadule zingati.